Chilonda cha chuku m'diso: mankhwala odontheza amene amachiza ndi amene amaononga



Kuyambira mwezi wa Epulo mpaka Juni, anthu a m'dera la Mfumu Yaikulu Malemia m'boma la Zomba amakhala pa kalikiliki wokolola. M'chigwa cha mtsinje wa Domasi, womwe umatsika pakati pa mapiri a Zomba ndi Malosa n'kukathira m'nyanja ya Chilwa, ena amadula chimanga n'kuimika mikukwe, pamene ena kumunsi kumadambo amamweta ndi kupuntha mpunga, amayi ali ndi malichero kupeta. Ntchito zomwezi ndi zimene timagwira ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, kuphatikizapo kudula bango, kumweta udzu wofolera ndi kutema nkhuni zowambira nsomba. Pa ntchito zonsezi n'kosavuta kuti tsamba la chimanga likwapule diso, kapena kuti kamkhusu ka mpunga kagwere m'diso. Ambiri timangotikita n'kupitiriza ntchito, ndipo nthawi zambiri diso limapola lokha. Koma pali nthawi zina pamene kukandika kwakung'onoko kumasanduka chilonda chimene chimatha kuphulitsa diso m'masabata ochepa. M'nkhani ino tikufotokoza za chilondachi, mankhwala odontheza amene amachichiza, ndi udindo wa banja lonse pa nthawi imene mmodzi wa ife akulandira mankhwalawo.

Galasi la diso ndi mmene limavulalira

Kutsogolo kwa diso kuli kachikopa koonekera ngati galasi, kamene kamakuta mbali yakuda ija pamodzi ndi mwana wa diso. Madokotala amakatchula kuti cornea, ife m'nkhani ino tizikatchula kuti galasi la diso. Kukula kwake ndi pafupifupi mamilimita 12 mopingasa, ndipo kuchindikala kwake pakati ndi theka chabe la milimita imodzi. Ngakhale ndi lopyapyala chonchi, galasili ndilo limagwira gawo lalikulu la ntchito yolunjikitsa kuwala kuti tione bwino.

Galasi la diso lilibe mitsempha ya magazi, n'chifukwa chake limaonekera mbee ngati madzi. Koma kusowa magaziko kuli ndi vuto lake. Chilonda cha pamwendo chimafikiridwa msanga ndi asilikali a m'thupi odzera m'magazi, komanso mapiritsi amene tamwa amakafika pamenepo mosavuta. Pa galasi la diso sizili choncho. Chitetezo chake chachikulu ndi kakhungu kopyapyala ka pamwamba ndi misozi. Kakhunguko kakangokandika, khomo latseguka, ndipo mankhwala odalirika ndi amene amadonthezedwa pachilonda penipenipo.

Chuku cha m'munda chikalowa m'diso

Tonse timachidziwa chuku chimene chimagwira chimanga kapena mtedza wosauma bwino. Chukuchi ndi tizilombo ta gulu la mafangasi, ndipo mitundu iwiri imene imaoletsa mbewu zathu, Fusarium ndi Aspergillus, ndi yomweyonso imene imayambitsa zilonda zambiri za chuku m'maso m'mayiko otentha. Njere zake n'zosaoneka ndi maso. Zimakhala pamasamba, pamapesi, pamankhusu ndi m'dothi. Tsamba likakanda diso limasiya njerezo pabalapo, ndipo zikapeza chinyezi ndi kutentha zimamera timizu tonga ulusi tolowa pang'onopang'ono m'kati mwa galasi la diso. Pali mtundu winanso wotchedwa Candida umene umakonda kugwira maso amene anali kale ndi vuto. Anthu odwala shuga ndi amene chitetezo cha m'thupi mwawo chinatsika ali pachiopsezo chachikulu kuposa ena.

Vutoli si laling'ono. Kafukufuku amene anasindikizidwa m'chaka cha 2021 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet Infectious Diseases anawerengera kuti chaka chilichonse anthu oposa 1 miliyoni pa dziko lonse amadwala chilonda cha chuku m'diso, ambiri mwa iwo ku Asia ndi kuno ku Africa, ndipo pa odwala 100 aliwonse, 8 mpaka 11 amataya diso lonselo. Ambiri ndi alimi a msinkhu wogwira ntchito, amene banja limawadalira pa chakudya.

Choopsa cha chilonda cha chuku n'chakuti chimabwera mozemba. Chilonda choyambitsidwa ndi mabakiteriya chimakula msanga, m'tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ululu wake umathamangitsira munthu kuchipatala. Cha chuku chimatha kutenga masiku angapo chikungonyerenyetsa, munthu n'kumati kachitsotso sikanatuluke. Pamene akuti adzidzimuke, timizu tija takhala titalowa kale pakati.

Zizindikiro zimene sitiyenera kugona nazo

Ngati diso lakandidwa ndi chomera, dothi, mamba a nsomba kapena chingwe cha ukonde, ndipo kwacha likupwetekabe, limenelo ndi diso la kuchipatala. Zizindikiro zina ndi izi: diso kufiira makamaka mozungulira mbali yakuda, misozi yosaleka, kulephera kuyang'ana kuwala, kuona mwachimbuuzi, ndi kadontho koyera kapena kotuwa pa mbali yakuda ya diso. Kadontho koyerako ndiko chilondacho. Nthawi zina pansi pa mbali yakudayo pamaoneka kamzere koyera kopingasa, konga mkaka wotsalira pansi pa kapu. Amenewo ndi mafinya amene adikha m'kati mwa diso, ndipo ndi chizindikiro chakuti matenda afika patali.

Tisasokoneze chilondachi ndi matenda a maso ofiira amene anafala m'maboma ambiri m'chaka cha 2024. Matenda aja amagwira maso onse awiri kawirikawiri, amapatsirana m'nyumba, amatulutsa manthongo, koma munthu akapukuta amaona bwino ndipo amatha okha m'sabata imodzi kapena awiri. Chilonda cha chuku chimagwira diso limodzi, sichipatsirana, chimachepetsa kuona ndipo sichitha chokha. Tisachisokonezenso ndi ng'ala ya agogo. Ng'ala imeneyo imakhala m'kati, kuseri kwa mwana wa diso, sipweteka, sifiiritsa diso, ndipo imatha kudikira tsiku la opaleshoni. Kadontho koyera kopweteka sikadikira.

Tipite kuti, ndipo akatichita chiyani?

Kwa anthu a kwa Malemia, chipatala cha Domasi ndi cha St Luke's ku Malosa zili pafupi, ndipo chipatala chachikulu cha Zomba, chomwe chili ndi gawo la maso, chili pa mtunda wosapitirira makilomita 20 kuchokera pa Domasi potsata msewu wa M3. A kunyanja ayambire pa chipatala chaching'ono cha kwawo kapena cha boma monga cha Mangochi, cha Machinga ku Liwonde, cha Salima kapena cha Nkhotakota, ndipo apemphe kuonana ndi wa zamaso. Zilonda zovuta zimatumizidwa ku zipatala zazikulu za maso monga Lions Sight First ya pa Queen Elizabeth ku Blantyre, ya pa Kamuzu Central ku Lilongwe, kapena ya ku Nkhoma. Tikafika tinene momveka bwino chimene chinalowa m'diso, tsiku limene chinalowa, ndi chilichonse chimene tathiramo kuyambira tsikulo, ngakhale chikhale cha zitsamba. Mabotolo onse amene tagwiritsa ntchito tiwatenge. Dokotala sakufuna kutidzudzula, akufuna adziwe mdani amene akulimbana naye.

Wa zamaso amadontheza utoto wachikasu umene umamatirira pamene pakandika n'kuwala mobiriwira akaunika ndi nyali ya buluu. Kenako amayang'ana diso pa makina okulitsa. Chilonda cha chuku nthawi zambiri chimaoneka chouma, chotukuka pang'ono, m'mphepete mwake muli manyamanya ngati nthenga, ndipo pena chimakhala ndi tiana take pambali. Komabe maso okha satsimikiza. Pamene zipangizo zilipo, dokotala amadontheza mankhwala ochititsa dzanzi, n'kupala pang'ono pachilondapo kuti akaunike pa maikulosikopu ngati pali timizu ta chuku. Kupalaku kusatiopse. Kumathandiza kudziwa matenda, komanso kumachotsa zakufa za pamwamba kuti mankhwala alowe bwino.

Kufulumira kuli ndi phindu looneka. Pa kafukufuku wa ku Bhaktapur m'dziko la Nepal, amene anasindikizidwa mu 2001, anthu okandika m'diso ankapatsidwa mankhwala opaka m'maso a chloramphenicol kwa masiku atatu. Mwa onse amene anayamba mankhwalawo pasanathe maola 18 chivulalireni, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anachita chilonda. Amene anachedwa ndiwo ena mwa iwo anachita zilonda. M'mera mpoyamba.

Natamycin, mankhwala oyambirira

Chilonda cha chuku chikakhazikika, mankhwala wamba a maso monga tetracycline, chloramphenicol kapena gentamicin sachita kanthu, chifukwa amapha mabakiteriya osati mafangasi. N'chifukwa chake munthu amatha kumaliza mabotolo awiri kapena atatu diso likuipirabe. Pamafunika mankhwala opha chuku, ndipo otsogola pa onse ndi natamycin wa mphamvu ya 5 peresenti.

Mankhwalawa kwawo ndi kuno kummwera kwa Africa. Anapezeka m'chaka cha 1955 kuchokera ku tizilombo tina ta m'dothi la m'chigawo cha Natal ku South Africa, ndipo dzina lawo linachokera pamenepo. Amagwira ntchito pomamatira pa mafuta enaake amene ali m'khungu la chuku, mafuta amene m'matupi athu mulibe, motero chuku chimalephera kukula pamene diso silivulala kwenikweni. Opanga zakudya amagwiritsanso ntchito mankhwala omwewa popaka kunja kwa tchizi kuti asachite chuku. M'chaka cha 2017 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linaika natamycin pa mndandanda wa mankhwala ofunikira amene dziko lililonse liyenera kukhala nawo. Ngakhale zili choncho, m'mayiko ambiri a mu Africa mankhwalawa sapezeka paliponse ndipo mtengo wake ndi wokwera. Ichi ndi chifukwa china chimene tiyenera kufikira msanga ku chipatala cha maso mmalo moyendayenda m'magolosale ndi m'misika.

Umboni wa mphamvu ya natamycin unachokera ku India. Pa kafukufuku amene anachitikira m'zipatala za maso za kummwera kwa dzikolo, kuphatikizapo za Aravind, n'kusindikizidwa mu 2013, odwala 323 anagawidwa pawiri. Ena analandira natamycin, ena mankhwala atsopano otchedwa voriconazole amene ambiri ankaganiza kuti apambana. Patatha miyezi itatu, a natamycin ankaona bwino kuposa anzawowo ndipo maso amene anabooka anali ochepa, makamaka pa zilonda za Fusarium. Chatsopano sichinapose chakale.

Zilonda zokanika ndi mankhwala ena

Natamycin ali ndi malire. Salowa patali m'galasi la diso, choncho amagwira bwino chilonda chikadali pamwamba. Chikazama, kapena chikakhala cha mtundu wina wa chuku, dokotala amatha kusintha kapena kuonjezera mankhwala ena.

Amodzi mwa iwo ndi amphotericin B. Awa ndi mankhwala omwe aja amene m'zipatala zathu amapereka kudzera m'diripi kwa odwala matenda oumitsa khosi oyambitsidwa ndi mafangasi. A ku famase ya chipatala amatha kuwasungunula mwaukhondo kukhala madontho a m'maso ofooka kwambiri, a 0.15 peresenti, amene amathandiza makamaka pa Candida. Madonthowa amafuna kusungidwa m'firiji, malo a mdima, ndipo sakhalitsa. Voriconazole uja amagwiritsidwabe ntchito pa zilonda zina zimene zakana natamycin. Dokotala amathanso kuonjezera mapiritsi omwa, ngakhale kafukufuku wachiwiri wa ku India ndi Nepal wa mu 2016 anapeza kuti kuonjezera mapiritsi a voriconazole pa zilonda zazikulu sikunachepetse kwenikweni chiwerengero cha maso obooka. Phunziro lake ndi lakuti chilonda chikakula, ngakhale mankhwala okwera mtengo amavutika nacho.

Palinso chlorhexidine wa 0.2 peresenti, wotsika mtengo, amene madokotala amamuyesa pamene natamycin palibe. Kafukufuku wa ku Lahan m'dziko la Nepal pa odwala 354, wosindikizidwa mu 2022, anapeza kuti natamycin ndi amene amachiza bwino, choncho chlorhexidine ndi wogwirizira chabe. Apa tichenjezane kwambiri. Chlorhexidine amene amayi amapatsidwa kuti azipaka pamchombo wa khanda ndi wamphamvu kwambiri, wa 7.1 peresenti, ndipo si wa m'maso ayi. Mu 2019 bungwe la WHO linachenjeza mayiko litalandira malipoti a ana amene anavulala maso, ena mpaka khungu, chifukwa chothiridwa mankhwala a pamchombowa m'maso molakwitsa. Botolo la pamchombo lisayandikire diso la munthu aliyense.

Dontho ola lililonse, usana ndi usiku

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mankhwala opha chuku sali ngati aja odontheza katatu pa tsiku. Misozi imawatsuka msanga, ndipo chuku chimafa pang'onopang'ono. Choncho poyamba dokotala amalamula dontho limodzi ola lililonse, ndipo kawirikawiri masiku awiri oyambirira amati usana ndi usiku womwe, kutanthauza madontho 24 pa tsiku. Kenako amachepetsa pang'onopang'ono malinga ndi mmene chilonda chikuonekera pa makina. Mankhwala onse amatenga masabata anayi kapena asanu ndi limodzi, pena kuposa pamenepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Munthu wodwala, wa diso limodzi lotseka ndi ululu, sangathe yekha ntchito imeneyi. Mutu umodzi susenza denga. Banja ligawane maola: wina kuyambira Isha mpaka pakati pa usiku, wina kuyambira pamenepo mpaka Fajr, masana ana a sukulu kapena apongozi. Alamu ya pafoni ithandize, ndipo pakhale pepala lochongapo dontho lililonse limene laperekedwa. Ngati dokotala wanena kuti wodwala agonekedwe masiku oyambirira, tivomere, ndipo tisankhe womudikirira amene sagona tulo tofa nato.

Kadonthezedwe kake ndi aka. Wodontheza asambe m'manja ndi sopo. Akhutchumule botolo la natamycin nthawi iliyonse, chifukwa mankhwalawa ndi oyera ngati mkaka ndipo mphamvu yake imadikha pansi. Wodwala aweramitsire mutu kumbuyo n'kuyang'ana kumwamba, wodontheza akokere chikope cham'munsi pansi pang'ono n'kugwetsa dontho limodzi m'kathumba kamene kapangikako. Kamwa la botolo lisakhudze diso, nsidze kapena chala. Wodwala atsinzine modekha kwa mphindi imodzi kapena ziwiri atagwira pang'ono pakona ya diso ya kumphuno, kuti mankhwala asatsikire kukhosi. Ngati pali mabotolo awiri, pakhale mphindi zisanu pakati pa loyamba ndi lachiwiri. Botolo lisungidwe pamthunzi pozizira, lotseka bwino, ndipo likhale la munthu mmodzi yekha.

Zina zimene zimadabwitsa odwala n'zachibadwa. Natamycin amatha kusiya zoyera zomamatira pachilonda kapena m'makona a diso. Masiku oyamba diso limatha kuoneka ngati silikusintha. Dokotala amaperekanso madontho ena monga atropine okulitsa mwana wa diso kuti ululu uchepe, ndipo amenewa amachititsa kuti munthu asaone bwino zapafupi ndi kuti dzuwa lizimuthobwa kwa masiku angapo. Zimenezi si chifukwa chosiyira mankhwala. Koma ululu ukakula mwadzidzidzi, kadontho koyera kakamakula, kapena m'diso mukatuluka madzi ofunda ochuluka nthawi imodzi, tibwerere kuchipatala tsiku lomwelo. Diso la chilonda lisamangidwe ndi nsalu kapena thonje pokhapokha dokotala atanena, chifukwa chuku chimakonda malo ofunda ndi onyowa. Magalasi akuda ndi chipewa n'zokwanira kutchinga dzuwa ndi fumbi.

Msampha waukulu umabwera sabata yachiwiri kapena yachitatu, ululu ukatha. Wodwala amaona ngati wachira, mpunga ukudikira kumunda, ndalama ya basi yatha, ndiye amasiya. Timizu ta chuku timakhala tikadali moyo pansi, ndipo chilonda chikabwereranso chimakhala chovuta kuposa poyamba. Wosiyitsa mankhwala ndi dokotala yekha, ataona diso pa makina. Tionenso botolo lisanathe kuti tikatenge lina nthawi ikadalipo.

Zimene zimaphulitsa diso

Choyamba ndi madontho okhala ndi mankhwala a gulu la steroid. Pa botolo pakalembedwa dexamethasone, prednisolone, betamethasone kapena hydrocortisone, kaya okha kaya osakanizidwa ndi mankhwala ena, botolo limenelo ndi poizoni pa chilonda cha chuku. Amanyenga chifukwa diso limayera ndipo ululu umachepa tsiku lomwelo, koma amagonetsa chitetezo cha diso, chuku n'kumakula mopanda choletsa. M'nyumba zambiri muli mabotolo otsala a matenda ena. Botolo limene linathandiza mlamu wanu si la diso lanu. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri ndi zothira za kumudzi: madzi a masamba, utomoni, mkaka wa m'mawere, mkodzo, madzi a shuga kapena a mchere wambiri, ngakhale kunyambita m'diso kuti chitsotso chituluke. Kafukufuku amene anachitika kuno ku Malawi m'zipatala ziwiri za m'maboma, n'kusindikizidwa mu 1994 mu British Journal of Ophthalmology, anafunsa anthu 583 odwala galasi la diso, ndipo mmodzi mwa atatu aliwonse anavomera kuti anali atathira mankhwala achikuda. Makolo athu ankachita zimenezi chifukwa cha chikondi ndi kutalika kwa zipatala, koma tsopano tikudziwa kuti masamba ndi omwe amanyamula chuku. Kufinyira masamba m'diso lokandika n'kubzala mbewu ya matenda pamunda wolima kale. Zina zimaotcha diso, ndipo zonse zimadya masiku amene mankhwala oyenera akanagwira ntchito.

Chachitatu ndi wanja. Pa diso labwino wanja ndi nkhani ina, koma pa diso lofiira, lokandika kapena la chilonda asapakidwe, ndipo kamtengo kopakira kasabwerekedwe.

Kusala, wudhu ndi swala pa nthawi ya mankhwala

Funso limene limabwera kawirikawiri ndi lakuti, kodi madontho a m'maso amamasula swaumu? M'madhhab ya Imam Shafi'i, imene Asilamu ambiri kuno kwathu amatsata, komanso ya Imam Abu Hanifa, choikidwa m'diso sichimasula swaumu. Bungwe la akatswiri a fiqh la mayiko a Chisilamu, pa msonkhano wake wa ku Jeddah mu 1997, linagamulanso kuti madontho a m'maso samasula swaumu bola munthu asameze mwadala zimene zafika kukhosi. Kugwira pakona ya diso kumene tafotokoza kuja kumathandiza pa zimenezi. Choncho palibe chifukwa chodumphira madontho a masana mu Ramadhan kapena pa kusala kwa sunnah. Kusiya diso lopanda mankhwala kuyambira daku mpaka futari n'kupereka maola oposa 12 kwa chuku. Mapiritsi omwa ndi nkhani ina, koma wodwala ali ndi chilolezo chosiya kusala n'kudzabweza masikuwo akachira. Amene ali ndi chikaiko afunse Sheikh wa pamzikiti wake, ndipo amufotokozere zimene dokotala wanena.

Pa wudhu, m'kati mwa diso simuli m'gulu la malo oyenera kutsukidwa. Wodwala atsinzine posamba kunkhope, agwiritse ntchito madzi aukhondo, ndipo asalowetse madzi a m'nyanja, a mumtsinje kapena a pachitsime chosatetezedwa m'diso lodwalalo. Kusambira kudikire mpaka atachira. Ngati dokotala wanena kuti galasi la diso lapyapyala kwambiri ndipo wodwala apewe kuwerama, Chisilamu chimalola wodwala kuswali atakhala pansi n'kumangoweramitsa mutu mmene angathere.

Chilonda chikapola, ndi pamene chakanika

Tinene zoona zake. Chilonda cha chuku chikapola chimasiya chipsera choyera. Chikakhala chaching'ono ndiponso chapambali, munthu amaona bwinobwino. Chikakhala pakati, patsogolo pa mwana wa diso, kuona kumachepa ngakhale matenda atha, ngakhale kuti chipseracho chimatha kuzimiririka pang'ono m'miyezi yotsatira. Palibe dontho kapena chitsamba chimene chimachotsa chipsera chotere, choncho tisataye ndalama kwa otsatsa mankhwala m'misika. Njira yake ndi opaleshoni yoikirira galasi la diso lochokera kwa munthu wina, koma opaleshoni imeneyi sipezeka mosavuta kuno kwathu.

Chilonda chikaboola galasi la diso ndipo matenda akadzaza m'kati, dokotala amatha kulangiza kuti diso lichotsedwe pofuna kuthetsa ululu ndi kuteteza kuti matenda asafalikire. Ili ndi tsiku lowawa kwa banja lililonse, ndipo wodwala amafunika kulimbikitsidwa osati kufunsidwa chifukwa chimene anachedwera. Amene watsala ndi diso limodzi azivala magalasi oteteza pa ntchito iliyonse ya kumunda ndi kunyanja.

Zimene tingachite kukolola kusanayambe

Magalasi wamba, ngakhale akuda ogula pa msika wa Songani, amatchinga masamba ndi mankhusu ambiri podula chimanga, popuntha mpunga kapena podula bango. Popeta tiime mphepo ikuchokera kumsana, ndipo ana akhale patali. Chitsotso chikagwera m'diso tisatikite. Titsuke ndi madzi ambiri aukhondo, owiritsa n'kuzizira ngati alipo, ndipo ngati diso likupitiriza kupweteka tipite kuchipatala tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake.

Chimene chimachedwetsa ambiri ndi ndalama ya ulendo, poti wodwala chilonda cha chuku amafunika kubwerera kwa dokotala kangapo. Apa ndi pamene makomiti a mizikiti ndi magulu a amayi angathandize, posunga kandalama ka sadaka ka maulendo a kuchipatala, ndi popeza anthu okolola munda wa wodwalayo kuti asasiye mankhwala chifukwa chodera nkhawa chimanga. Aphunzitsi a m'madrasa aziyang'ananso maso a ana, chifukwa mwana wolasidwa ndi kamtengo posewera amatha kubisa poopa kukalipiridwa. Ma Imam angakumbutse anthu pambuyo pa swala ya Ijuma m'mwezi wa Marichi, zikwakwa zisanatuluke, mawu atatu okha: kadontho koyera m'diso n'kothamanga nako, botolo la wina si lako, ndipo mankhwala sasiyidwa dokotala asananene.

Tikupempha Allah kuti achize odwala athu, apatse mphamvu amene akuwadikirira usiku, ndi kutisungira maso athu. Ameen.